Nthenga za chinkhwe zimaulula zimene chikudya

M'nkhalango za miombo za kummwera kwa boma la Mzimba, chinkhwe chimamveka chisanaoneke. Chimadutsa pamwamba pa mitengo mwaliwiro chikulira mokweza, chotuwa kumutu ndi kumsana, chobiriwira kumimba, m'mapewa muli mawanga achikasu. Kuyambira mbandakucha ntchito yake imakhala imodzi, yosaka chakudya: lero nkhuyu, mawa nthanga za m'makoko a mitengo, tsiku lina maluwa kapena mphutsi zobisala m'zipatso. Mapira akacha m'munda, nakonso chimafikako.

Mbalame yomweyi ikatsekeredwa m'khola pakhonde, kaya ndi pa Mzimba boma, pa Jenda kapena ku Embangweni, chakudya chake chimakhala chomwechomwecho tsiku ndi tsiku: mpendadzuwa, mtedza ndi chimanga, mwinanso kachidutswa ka mkute. Poyamba zonse zimaoneka ngati zili bwino chifukwa mbale ikutha ndipo mbalame ikunenepa. Pakapita miyezi, nthenga zimayamba kuzimirira, nsonga zake zimanyenyeka, ndipo tsiku lina mwini wake amapeza khungu la pachifuwa lili pamtunda, nthenga zili mbwee pansi pa khola.

Ambiri amayamba kuganizira nsabwe kapena utitiri monga zimakhalira ndi nkhuku, nkuthamangira mankhwala aufa. Koma pa zinkhwe zoweta, tizilomboti si kawirikawiri kukhala gwero la vutoli. Malo oyamba amene dokotala wa mbalame amayang'ana ndi m'mbale, chifukwa kudya koperewera ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadwalitsa kwambiri zinkhwe za m'makola padziko lonse. Ubwino wake ngwakuti zambiri mwa zakudya zimene mbalameyi ikusowa zili pamsika ndi kudimba.

Zinkhwe zake ndi ziti?

Chinkhwe chimene chimapezeka m'miombo ya kumpoto ndi kuzambwe kwa dziko lino, kuphatikizapo Mzimba ndi Kasungu, m'mabuku a mbalame chimatchedwa Meyer's parrot. Nchaching'ono, chotalika masentimita pafupifupi 22, ndipo chimalemera magalamu 100 mpaka 135. Palinso mbale wake wamkulupo, wa mlomo waukulu woswera njere zolimba monga za maula. Ku Liwonde kuli kachinkhwe kakang'ono kotchedwa Lilian's lovebird, kamene kamagona m'mphako za mitengo ya tsanya ndipo katswiri wa mbalame wa m'dziko muno, Tiwonge Mzumara-Gawa, wakhala akukafufuza kwa zaka zambiri.

Chinkhwe chotchuka ndi kuyankhula chija, chotuwa thupi lonse ndi mchira wofiira, si cha kuno. Kwawo ndi kunkhalango zamvula za pakati ndi kuzambwe kwa Africa, m'maiko ngati Congo, Cameroon ndi Ghana. Dziko la South Africa limaswetsa zinkhwe zamtunduwu zambiri m'makola, ndipo anthu a ku Mzimba amene agwirapo ntchito m'nyumba za ku Johannesburg kapena Cape Town amazidziwa bwino. Chimalemera pafupifupi magalamu 400 ndipo chikasamalidwa chimatha kupitirira zaka 40.

Mitunduyi njosiyana kukula ndi khalidwe, koma pali chimodzi chofanana: m'tchire palibe chinkhwe cha mitundu imeneyi chimene chimadalira mbewu ziwiri kapena zitatu zokha. Katswiri wa ku South Africa, Steve Boyes, atalondola zinkhwe za Meyer's m'dera la Okavango ku Botswana, adapeza kuti zimadya zakudya za mitundu yoposa 70 kuchokera ku mitundu 37 ya mitengo, ndipo zimasintha malinga ndi nyengo. Pa nthawi yoswa zimafunafuna mphutsi za m'zipatso ndi m'makoko kuti ziwonjezere zomanga thupi. Thupi la mbalame ya m'khola lidakali lomwelo, ndipo likufunabe zimene mnzake wa m'tchire amapeza.

Nthenga ikaphuka, yaphuka

Nthenga imapangidwa ndi puloteni yolimba yotchedwa keratin, ya m'gulu limodzi ndi imene imapanga zikhadabo ndi tsitsi la munthu. Pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a nthenga ndi puloteniyi. Pamene nthenga ikuphuka imakhala ndi mtsempha wa magazi mkati mwake, ndipo imamangidwa ndi zimene magaziwo akubweretsa masabata amenewo. Ikakhwima, mtsemphawo umauma ndipo nthengayo imakhala chinthu chakufa. Palibe chakudya, mankhwala kapena mafuta opaka amene angakonze nthenga imene idaphuka molakwika. Imakhala choncho mpaka itathothoka ina nkumera.

Nchifukwa chake nthenga zimaonetsa mmene mbalame idadyera miyezi yapitayo. Ngati chinkhwe chidasowa chakudya chokwanira, chidadwala kapena chidachita mantha pamene nthenga imakula, pa nthengayo pamatsala timizere topingasa, topyapyala, pamene imathyokera mosavuta. Nthenga zobiriwira zimatha kuda m'mphepete, ndipo zina zimakanika kutuluka m'chikopa chake nkumayabwa. Kuyabwako nkumene nthawi zambiri kumayambitsa mbalame kudzijompha.

Pali chikhulupiriro chakuti kudyetsa chinkhwe zakudya zofiira kapena zachikasu kumakometsa mtundu wa nthenga mwachindunji. Izi zimachitika pa mbalame zina, koma osati pa zinkhwe. Izo zimapanga zokha utoto wofiira ndi wachikasu mkati mwa nthenga imene ikukula, ndipo kubiriwira kumabwera utoto wachikasuwo ukaphatikizana ndi mmene kuwala kumagwera pa timinyewa ta nthenga. Choncho nthenga yomangidwa moperewera imataya kuwala kwake. Karoti ndi maungu zimathandizadi, koma kudzera m'khungu labwino ndi thupi lathanzi.

Chikomekome cha mpendadzuwa

Pafupifupi theka la kulemera kwa njere ya mpendadzuwa ndi mafuta, ndipo mtedza nawo uli chimodzimodzi. Chinkhwe chimakonda mbewuzi monga mwana amakondera zitumbuwa, ndipo chikapatsidwa mbale ya mbewu zosakaniza chimasankhamo zonona zokhazokha, zina nkumwaza pansi. Mbalame ya m'tchire imawotcha mafutawo pouluka mitunda italiitali. Ya m'khola imawaunjika m'thupi, makamaka m'chiwindi. Chiwindi chikadzala mafuta, nthenga zimasintha mtundu, mlomo ndi zikhadabo zimatalika modabwitsa, ndipo mbalame imapuma mwawefuwefu ikangokupiza mapiko pang'ono. Paja akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Vuto lachiwiri ndi la zimene mbewuzi zilibe. Choyamba ndi vitamini A, amene amasamalira khungu ndi timinofu tofewa ta m'kamwa, m'mphuno ndi m'njira ya mpweya. Akasowa, khungu limauma nkumafunduka, mapazi amakhakhala, m'kamwa mumatuluka timabala toyera, mphuno zimatsekeka ndipo mbalame imayetsemula kawirikawiri. Chimanga choyera, chimene chili chakudya cha pakhomo lililonse, sichithandizapo pa vitamini ameneyu.

Chachiwiri ndi kashiamu, womanga mafupa ndi kuyendetsa minyewa. Mbewu zili ndi kashiamu wochepa kwambiri. Zinkhwe zotuwa za mchira wofiira ndizo zimavutika kwambiri ndi kuperewera kumeneku, moti zimatha kugwa pa mtengo wake, kunjenjemera kapena kukomoka.

Chachitatu ndi zomanga thupi zokwanira. Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo tosiyanasiyana, ndipo tiwiri mwa ito, lysine ndi methionine, timaperewera m'chakudya cha mbewu zokhazokha. Chimanga ndi mapira zili ndi lysine wochepa, pamene zanyemba zili naye wambiri koma methionine ndiye wochepa. Zikaphatikizidwa zimakwaniritsana, monga momwe nsima ndi nyemba zimachitira pa mbale ya munthu.

Chuku, mdani wosaoneka

Alimi a mtedza amaudziwa bwino chuku, nkhungu imene imamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino kapena chosungidwa pachinyezi. Nkhunguyi imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Dziko lapansi lidamudziwa poizoniyu kudzera mu mbalame: mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wogaya wochokera ku Brazil.

Pakhomo, chizolowezi nchakuti mtedza wabwino umapita kumsika kapena mu mphika, ndipo wonyala, wosweka ndi wakuda umatayidwira ziweto. Koma mtedza wotero ndi umene umakhala ndi poizoni wambiri, ndipo kukazinga sikumuchotsa yense. Kunyowetsa makoko kuti asavute kuswa kumawonjezera ngoziyo. Kwa mbalame yolemera magalamu 120, njere zochepa zovunda tsiku lililonse nzokwanira kuwononga chiwindi pang'onopang'ono. Fumbi la nkhungu ya m'makoko limathanso kulowa m'mapapo nkuyambitsa matenda ovuta kuchiza. Lamulo lake nlapafupi: mtedza kapena chimanga chimene munthu sangapatse mwana wake, chisapite m'mbale ya chinkhwe.

Mbale yabwino ya pamsika ndi kudimba

Kumaiko kumene kuli oweta zinkhwe ambiri, madokotala amalimbikitsa chakudya cha m'fakitale chowumbidwa timibulu, chimene chili ndi zonse zofunika mu kambulu kalikonse, kuti chikhale theka kapena kuposerapo la chakudya cha tsiku. Amene angachipeze achita bwino. Koma chakudyachi sichipezeka wamba m'misika ya m'maboma, ndipo cha nkhuku sichilowa m'malo mwake. Cha nkhuku zoikira mazira chili ndi kashiamu wochuluka kwambiri, amene angawononge impso za mbalame imene siikuikira.

Woweta wa ku Mzimba angathe kutsata nzeru imene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa m'midzi, ya magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma posintha miyeso yake.

Gawo lalikulu, pafupifupi theka la mbale, likhale masamba ndi zakudya zachikasu mkati. Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, ikaphikidwa popanda mchere imapereka zimene thupi limasandutsa vitamini A. Maungu, karoti ndi tsabola wakupsa zimachita chimodzimodzi, ndipo tsabola sawawa m'kamwa mwa mbalame monga achitira mwa munthu. Masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi chamwamba amawonjezera kashiamu. Masamba a kudimba atsukidwe bwino chifukwa ambiri amapoperedwa mankhwala.

Gawo lachiwiri, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, likhale mbewu zokhutitsa zosakaniza ndi zanyemba: mapira, mawere, mpunga kapena chimanga chachikasu pamodzi ndi nyemba, khobwe, nandolo kapena soya. Zanyemba zonse ziviikidwe ndi kuphikidwa mpaka zitapsa, popeza nyemba zaziwisi zili ndi poizoni wotsegula m'mimba. Kachidutswa ka dzira lowiritsa kamodzi kapena kawiri pasabata kamathandiza kwambiri pa nthawi yosintha nthenga. Chikamba cha dziralo chikawiritsidwa, kuumitsidwa ndi kusinjidwa, katsinidwe kochepa kowaza pa chakudya kamawonjezera kashiamu.

Zipatso monga mango, papaya, gwafa, masuku ndi nkhuyu ziperekedwe pang'ono chifukwa cha shuga. Mpendadzuwa ndi mtedza zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi. Kwa chinkhwe chaching'ono, zimenezi ndi njere zochepa za mpendadzuwa kapena mtedza umodzi kapena uwiri patsiku, zoperekedwa pamanja ngati mphotho.

Zonsezi zikaduladulidwa ting'onoting'ono nkusakanizidwa, mbalame imavutika kusankha. Chakudya chophika kapena chachiwisi chisakhalitse m'khola kupitirira maola ochepa, makamaka m'miyezi yotentha ya Okotobala ndi Novembala pamene chimasasa msanga. Madzi akumwa asinthidwe tsiku lililonse ndipo mbale zitsukidwe.

Mavitamini othira m'madzi, monga ogulitsidwira nkhuku, si njira yachidule. Amasintha kakomedwe ka madzi moti mbalame imatha kuleka kumwa, amaswetsa tizilombo m'mbale, ndipo vitamini A ndi D akachuluka amasanduka poizoni. Aperekedwe pokhapokha dokotala wa ziweto atanena muyeso wake.

Zosayenera kulawitsa

Choyamba ndi peyala. Chipatsochi, masamba ake ndi nthanga yake zili ndi poizoni wotchedwa persin amene amawononga mtima wa mbalame, ndipo chinkhwe chimatha kufa pasanathe masiku awiri chitadya kachidutswa. Popeza mitengo ya mapeyala ili m'makomo ambiri, ana ndi alendo ayenera kuuzidwa zimenezi momveka.

Chokoleti, khofi, tiyi, mowa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi nzoletsedwa. Anyezi ndi adyo amawononga magazi. Ndiwo zapakhomo, tchipisi ndi mtedza wothira mchere zili ndi mchere ndi mafuta zoposa mphamvu ya impso zazing'ono. Mkaka mbalame siigaya bwino. Chinangwa chachiwisi chowawa ndi mapira omera, monga opangira chimera, zili ndi poizoni wa cyanide. Nsima payokha si poizoni, koma imadzaza mimba popanda kupereka zimene nthenga zikufuna.

Dzuwa, madzi ndi tulo

Kashiamu wa m'chakudya salowa bwino m'thupi popanda vitamini D, ndipo mbalame imapanga vitamini ameneyu ikaombedwa ndi dzuwa mwachindunji. Galasi la pawindo limatchinga cheza chofunikacho, choncho chinkhwe cha pabalaza chimasowabe dzuwa ngakhale m'chipindamo muli mowala. Khola litulutsidwe panja mmawa kangapo pasabata, mbali imodzi ili pamthunzi, wina akuyang'anira amphaka ndi akabawi.

Nyengo ya ku Mzimba ili ndi mavuto ake awiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ndipo mabanja ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba. Mapapo a mbalame amakoka mpweya mwamphamvu kuposa a munthu, moti utsi wa makala, wa fodya, wa mankhwala opopera udzudzu kapena wa poto wosamata amene wapserera ungathe kupha chinkhwe anthu asanamve kanthu. Kuchokera Ogasiti mpaka mvula itagwa, mpweya umauma ndipo fumbi limachuluka, zimene zimaumitsa khungu. Mbale yosaya ya madzi osamba, kapena kuwaza madzi oyera pa nthenga mmawa kukatentha, kumachepetsa kuyabwa. Sopo ndi mafuta odzola zisafike pa nthenga.

Chinkhwe chimafunanso tulo ta maola 10 mpaka 12 pamalo amdima ndi abata. Khola lokhala pafupi ndi wailesi yakanema mpaka pakati pa usiku limatopetsa mbalame. Waya watsopano wokutidwa ndi zinki, penti wakale ndi tizitsulo ta mtovu nazonso nzoopsa, chifukwa chinkhwe chimatafuna chilichonse.

Kusintha chakudya kumafuna kudekha

Chinkhwe chimene chadya mpendadzuwa zaka zitatu sichizindikira mbatata ngati chakudya. Kuchichotsera mbewu tsiku limodzi kuti njala ichiphunzitse nkulakwa koopsa, pakuti mbalame yaing'ono imatha kufooka ndi kufa mbale ili yodzaza.

Njira yabwino nkupereka chakudya chatsopano mmawa pamene mbalame ili ndi njala, mbewu zozolowera nkubwera pambuyo pake, zikucheperachepera sabata ndi sabata. Mbewu zina zikhoza kukanyidwa mu mbatata yophika kuti mlomo ulawe mbatatayo pofuna njere. Zinkhwe zimaphunzira kudya poona zinzake, choncho munthu akamadya papaya pafupi ndi khola, chidwi chimabwera. Chakudya chokanidwa lero chibwerezedwe mawa chitadulidwa mwanjira ina. Ntchitoyi imatenga masabata, mwinanso miyezi.

Pa nthawi yonseyi, sikelo yaing'ono ya kukhitchini ndi chida chofunika. Mbalame ipimidwe mmawa isanadye. Ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kutanthauza magalamu 12 pa chinkhwe cha magalamu 120, kusinthako kuimitsidwe ndipo dokotala afunsidwe. Zitosi zikachepa kwambiri kapena kuda, ndiye kuti mbalame siikudya. Mbalame yodwala kale iyambe yachira isanasinthidwe chakudya.

Zotsatira pa nthenga sizioneka msanga. Zinkhwe zimasintha nthenga pang'onopang'ono, ndipo pangapite miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, mwinanso kuposerapo pa zinkhwe zikuluzikulu, kuti nthenga zakale zonse zilowedwe m'malo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Zizindikiro zoyamba zimakhala mapazi osalala, mphuno zoyera ndi nthenga zatsopano zopanda timizere. Pamalo pamene padasosoledwa kwa zaka, mizu ya nthenga imatha kufa ndipo sipameranso.

Pamene vuto si chakudya chokha

Mutu wa mbalame umathandiza kusiyanitsa mavuto. Chinkhwe sichingafikitse mlomo pamutu pake. Ngati pachifuwa, m'miyendo ndi kunsi kwa mapiko nkososoka koma kumutu kuli bwinobwino, ndiye kuti chikudzisosola chokha. Ngati kumutu nakonso kukuthothoka ndipo palibe inzake m'khola imene ikuisosola, pali chifukwa choganizira matenda.

Oopsa kwambiri ndi matenda a mlomo ndi nthenga, odziwika ndi chidule chakuti PBFD, amene amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi. Adadziwika bwino koyamba pa zinkhwe za ku Australia m'zaka za m'ma 1970, ndipo adapezekanso pa zinkhwe za m'tchire ku South Africa. Nthenga zimaphuka zopotoka, zofinyika patsinde, zina zili ndi magazi ouma mkati, ndipo mlomo umatha kung'aluka. Amafala kudzera m'fumbi la nthenga ndi zitosi, amatsimikizika poyeza magazi kapena nthenga, ndipo alibe mankhwala. Mbalame yoganiziridwa matendawa ipatulidwe.

Kudzisosola nako kuli ndi zifukwa za m'maganizo. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu 2014 adapeza kuti pafupifupi zinkhwe zotuwa zinayi mwa khumi zilizonse zimene adaziunika zinkadzisosola. M'tchire chinkhwe chimatha maola ambiri patsiku chikusaka, kuswa ndi kusenda chakudya pakati pa zinzake. M'khola chimakhuta ola lisanathe, nkutsala ndi mlomo wamphamvu wopanda chochita. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis adaonetsa mu 2003 kuti zinkhwe zazing'ono zimene zidapatsidwa mpata wovutikira chakudya chawo zidasamala nthenga kuposa zimene zidangoikiridwa m'mbale.

Apa mpamene kaperekedwe ka chakudya kamafanana kufunika ndi chakudyacho. Ngala ya mapira yopachikidwa yonse, chimanga chachiwisi chili m'makoko ake, njere yokulungidwa m'pepala loyera kapena m'khoko la chimanga, ndi nthambi zamasamba za gwafa kapena mabulosi zosapoperedwa mankhwala, zonsezi zimapatsa mlomo ntchito. Kukalipira kapena kumenya khola mbalame ikamadzisosola kumangowonjezera vuto.

Mbalame imene yatukumuka, ikugona pansi pa khola, ikupuma movutikira, ikutuluka magazi kapena yaleka kudya tsiku lathunthu imafuna dokotala mwachangu. Poyambira ndi kwa alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi, amene angalozere woweta kwa madokotala a ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mankhwala othira m'chimanga kapena ophera nkhupakupa asayerekezedwe pa chinkhwe. Woweta naye adzisamale posamba m'manja ndi kunyowetsa zitosi asanasese, popeza zinkhwe zimatha kupatsira anthu matenda a m'mapapo otchedwa psittacosis.

Lamulo ndi nkhalango

Zinkhwe za m'dziko muno ndi nyama zakutchire, ndipo kugwira, kugulitsa kapena kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire ndi mlandu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo chilango chachikulu pa nyama za m'gulu lotetezedwa kwambiri chidafika zaka 30 m'ndende. Pa chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, maiko a mgwirizano wa CITES, umene Malawi ndi membala wake, adagwirizana ku Johannesburg mu 2016 kuletsa malonda a pakati pa maiko a mbalame zogwidwa m'tchire. Ku Ghana, chiwerengero cha chinkhwechi chidatsika ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse kuchokera mu 1992.

Zinkhwe zimaswera m'mphako za mitengo ikuluikulu yakale, yomwenso owotcha makala amaifuna m'nkhalango ngati ya Perekezi. Mwanapiye wotengedwa m'mphako nkuleredwa ndi phala la mgaiwa amakula ndi mafupa opindika ndi nthenga zofooka kuyambira pachiyambi, ndipo aliyense wogula mbalame yotero pamsewu amatumiza wogulitsayo kukagwetsa mtengo wina.

Amene ali kale ndi chinkhwe asachitaye kutchire, chifukwa mbalame yozolowera khola siidziwa kudzisakira chakudya ndipo ingathe kufalitsa matenda kwa zinzake. Chofunika nkufunsa a nthambi ya nyama zakutchire za chilolezo, kapena za mmene mbalameyo ingafikire kumalo olandira nyama zopulumutsidwa monga Lilongwe Wildlife Centre. Pamene mbalameyo idakali pakhonde, udindo wonse uli kwa amene ali ndi kiyi wa khola: mbatata yofiira ndi masamba mmawa uliwonse, mtedza wosankha bwino, dzuwa, madzi osamba ndi kanthu kotafuna, kwa zaka makumi awiri kapena kuposerapo zimene chinkhwe chingakhale ndi moyo.